Kumsana kwa Supuni

Annelize walamula kuti lero mu bala muno
mukhale nyengo yoyoyoka masamba, ya kwa eni kutsidya la nyanja.
Ndiye takoleka masamba apulasitiki ochokera m'katoni,
pamene panja, mu Okutobala wa Melville,
jakaranda wachita kutaya maluwa mpaka m'ngalande
ndipo kum'mwera ziphaliwali zayamba kale kunola mipeni.

Pakhomo aimika chigoba cha mafupa
chogula kwa Matchaina ku Crown Mines,
achiveka chipewa changa osandipempha.
Nomvula akumata thonje m'ngodya zomwezija
anatikalipira nazo dzana chifukwa cha kangaude weniweni.

Ine yanga ndi matambula makumi asanu ndi limodzi.

Poyamba manyuchi a makangaza.
Ofiira, olemera, safuna kuwanyengerera,
amatsika okha n'kukhala phee.

Kenako madzi a malalanje ndi mango.
Apa m'pofunika mtima.
Supuni uigoneke chafufumimba, mlomo wake ukhudze khoma la tambula,
uthire pamsana pake pang'onopang'ono
monga umanenera uthenga wa maliro pa foni:
"Akudwala."
Upume kaye.
"Akudwala kwambiri. Muli ndi wina pafupi?"
Ukapupuluma, zonse zisanduka matope.

Pamwamba ramu wakuda,
waukali koma wopepuka.
Amayandama osadziwa n'komwe amene amunyamula.

Anandiphunzitsa ndi Yotamu wa ku Mponela,
yemwe dzanja lake silinkanjenjemera
ngakhale usiku uja apolisi anatseka msewu kufuna mapepala.
"Chotsekemera chimamira, mphwanga," ankatero,
"usachikakamize kukwera."
Anabwerera kwawo mu Juni, m'ngolo yokokedwa ndi minibasi,
pakati pa firiji ya wina ndi matumba a mabulangete.
Marandi a ulendowo tinasonkhera m'chipewa
chimene chavala chigobachi.

Tsopano diso: litchi wosenda, kachipatso kakuda pakati,
liyandame, liziyang'ana womwa.
M'beseni ayezi wofuka watulutsa nkhungu yake,
ikukwawa pa kauntala, ikundinyambita zigongono.

Afika.
Mfiti yatsika pa takisi, tsache lili kukhwapa, ikudandaula mtengo.
Namwino wothimbirira magazi a tomato.
Mzukwa wa nsalu ya pabedi ukupempha tchaja ya foni.
Kwathu munthu atangoti "ndine mfiti" ndiye kuti anthu sagona;
kuno amupatsa mphoto ya botolo la vinyo.

Mtsikana wopaka nkhope yoti mbuu watenga tambula yoyamba,
waikweza ku getsi, waijambula katatu,
kenako walowetsa kapaipi n'kutakasa.
Mphindi zanga zinayi
zasanduka mtundu wa madzi a mu Jukskei.
Wati n'zokoma. Ndati zikomo.

Nthawi ya naini magetsi athima.
Onse akuwa, kukuwa kwa anthu okhuta.
Mumdimamo mabotolo agundana pa shelefu, ngwe ngwe,
kamodzi kokha. Kaya ndi bingu, kaya ndi pansi.
Mzinda uno umatero nthawi zina,
uli ndi mzinda wina kunsi kwake, wa mauna okhaokha,
kumene mkulu wa agogo anga, a Fulayisoni,
analowa ndi nambala ya Wenela pamkono
ndipo kwathu kunangofika sutikesi.

Jenereta yatsokomola. Nyimbo yabwerera.
Dzanja langa lili m'malere, supuni ikadali chafufumimba,
sindinataye ngakhale dontho.

Yomaliza ndaipanga cha m'ma thu koloko, mipando itakwera pamatebulo.
Chofiira, chachikasu, chakuda,
malire ake owongoka ngati ojambula ndi lula.
Diso sindinaikemo.
Nomvula wafunsa kuti ndi ya ndani, poti kasitomala palibe.
Ndati ilekeni pomwepo,
mwini wake amachedwa.

Potuluka ndachivula chigoba chipewa.
Mvula yagwa, maluwa a jakaranda akuterera kumapazi,
takisi ya ku Rosettenville sikuoneka.
Kwacha kale pa wani. Lendi.